Botolo la Utsi Lopita kwa a Zgambo

Kufikira chaka chimene ndikunenachi, mowa ndinali ndisanaulawepo chibadwire, ndipo ku mpingo wathu ku Kawale aliyense ankadziwa zimenezo chifukwa ndinkazinena ndekha, mwina mopyola muyeso. Ndinali mkulu wa mpingo. Munthu akabwera kutchalitchi akununkha za dzulo, ndine ndinkamulozera benchi ya kumbuyo, ya pafupi ndi chitseko ija, kuti akhale pamenepo miyezi ingapo osayandikira mgonero. Ndiye taganizani mmene ndinaumira thupi tsiku limene dalaivala wonyamula katundu wa ku Joni anandisiyira phukusi pakhomo, ine kumasula, n'kupezamo botolo.

Linachokera kwa Yamikani, mwana wa malemu mlongo wanga. Mayi ake atatisiya ndinamulera ndine, ndipo tsopano ankagwira ntchito m'hotela ku Kepitauni, ngakhale kwathu kuno konseko timangoti ku Joni. Kumeneko anapezana ndi Temwa, mwana wa a Zgambo a kufupi ndi Edingeni, ku Mzimba. Mtsikanayo atabwera kudzaona makolo, bambo ake anamukhazika pansi. Anati sabwereranso ku Joni mpaka akwawo kwa mnyamatayo atabwera kudzakhala pamphasa monga mwa mwambo. Tinapangana tsiku koyamba, kwathu kunagwa maliro. Kachiwiri mafuta anasowa, tinaswera padepoti basi osanyamuka. Kachitatu a Zgambo anatumiza mawu ochepa: Loweruka, dzuwa lisanapendeke. Tikapanda kuoneka, nkhani yatha, Temwa akhala kwawo.

Ndinamuimbira foni Yamikani botolo lili patebulo, makatani nditatseka.

"Iwe, ukufuna kundiphetsa? Ichi n'chiyani?"

"Amalume, ndi chotsegulira pakamwa pa akuluakulu. Si mowa wamba umenewo, ndi wisiki. Kuno amautcha singo moloti."

"Kaya amautcha chiyani, m'Baibulo dzina lake ndi limodzi."

Anaseka, kenaka n'kuyamba kundiphunzitsa ngati ndine mwana wa sitandade wani. Anati umaphikidwa ndi chimera cha balere chokhachokha, pamalo amodzi, osasakaniza ndi wa kwina, ndipo uwu unagona m'mbiya ya mtengo zaka khumi ndi ziwiri. Balere ndinkamudziwa, ndi wa mikate ija anadya anthu m'chipululu, koma zoti ali ndi ntchito inanso sindinkadziwa. Anati anavutika kusankha. Wina unkanunkhira zipatso, wina uchi, koma iye anatenga wa utsi, umene chimera chake amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'dambo.

"Temwa anandiuza kuti bambo ake anakalambira pansanja yolondera moto ku Chikangawa," anatero. "Koma za utsizo musakawauze, amalume. Akuti sakonda kuuzidwa. Muwasiye akanunkhize okha. Chachikulu, chidindo cha pakamwa pa botolo chisakachoke panjira. Kumeneko botolo lotsegula kale ndi makombo, n'chipongwe. Ndipo asakathiremo zozizira. Munthu amayamba wanunkhiza, n'kupsontha pang'ono, n'kusunga palilime. Akatero adonthezemo madzi dontho limodzi kapena awiri."

"Zimenezo ukauze a Lungu," ndinamudula. "Ine ndine bulu wonyamula katundu basi."

A Lungu anali thenga wathu, mphunzitsi wopuma wa pa boma la Mzimba, amene anavomera kutiyendera pakati pa mabanja awiriwa.

Lachisanu m'mamawa ndinakulunga botolo lija, ndi katoni yake yobulungira, m'chitenje cha mayi a kunyumba n'kuliika m'chikwama. Baibulo ndinalitulutsamo, ndinaliika m'thumba la jekete. Sindinafune kuti ziwirizi ziyende chipinda chimodzi.

Kudepoti ndinasankha basi yooneka yodzaza, osadziwa kuti theka la anthuwo ndi aganyu ongokhaliramo kuti tikopeke. Wolipira akalowa, mmodzi wa iwo ankatuluka mwakachetechete ngati wakumbukira kuti sanatseke nkhuku. Injini inkalira, dalaivala ankasuntha basi kutsogolo ndi kumbuyo, koma dzuwa linakwera tili pomwepo. Ndinagula dzira, ndinakana tochi, ndinakana mankhwala a makoswe kawiri. Mpando wa pambali panga unali wopanda munthu, ndipo ndinkapemphera kuti pakhale mlendo aliyense, ngakhale wonyamula usipa.

Panakhala Mayi Kalima, mtsogoleri wa amayi ku mpingo wathu.

"Aa, abambo! Mulungu ndi wabwino, ndapeza woyenda naye. Ine wa ku Mzuzu, kukaona mdzukulu. Chikwamacho bwanji osaika pamwamba? Mutopa nacho."

"Muli zosweka, mayi."

Silinali bodza, koma thukuta linandituluka ngati ndanama. Mayi ameneyu maso ake amaona ndi zimene zili kuseri kwa khoma. Basi itanyamuka, dzuwa lili pamutu, anayamba kundifotokozera za mpongozi wake wa ku Mchesi amene wayambiranso kumwa, n'kumati anthu oterewa amafunika dzanja lolimba ngati langa. Ndinkangovomera ndi mutu. Pa Lumbadzi basi inadumpha chitumbira, botolo linati kulukutu m'chikwama, ine n'kutsokomola mwadala. Pa Mponela anandigulira chimanga chootcha, ndinachidya ndi dzanja limodzi. Pa Kasungu anthu anatsika kukatambasula miyendo, ine ndinatsala pampando ngati nkhuku yofungatira.

Titangodutsa Chatoloma kunamveka phuu! Basi inapepeluka, amayi anakuwa, ndipo tinakaima m'mphepete mwa munda wa fodya. Tayala la kumbuyo linali litaphulika. La sipeya linalipo, koma lopanda mpweya. Kondakitala analikweza pa njinga ya munthu wina n'kubwerera nalo komwe tinachokera, akutilonjeza kuti ndi pompano. Pompano wa kondakitala mumamudziwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mthunzi ukusuntha ife n'kumausuntha nawo. Ndinkawerengera mumtima kuti tikagona pano, mawa m'mawa sindikhala pa boma, ndipo galimoto ya ku Edingeni imanyamuka kamodzi. Mantha anandigwira ndithu. Ndinakumbukira mmene Yamikani ananenera pafoni kuti akapanda kukwatira Temwa sadziwa kuti akugwirira chiyani ntchito, ndipo mwana ameneyu si wolankhula zotere.

Tayala linabwera dzuwa litafiira. Tinafika pa Jenda ogulitsa tomato akulongedza.

Pa chipata cha apolisi anatitsitsa tonse, aliyense ndi katundu wake m'manja. Wapolisi wake anali waulemu, koma wosafulumira. Anapisa m'chikwama changa, anakhudza chinthu cholimba, anamasula chitenje chija pang'onopang'ono, n'kukweza katoni m'mwamba ngati mwana wobatizidwa.

"Mdala, umu muli chiyani? Anthu amabisa zambiri m'makatoni otere."

Anasolola botolo. Kuwala kwa madzulo kunalowamo, mowawo n'kuwala ngati uchi. Mnyamata wina wa chipewa chopendeka anafuula, "Bwana, tsegulani timve ngati ndi weniweni!" Anthu anaseka. Wapolisi uja analitembenuza, analigwedeza, n'kuika chala chake pa chidindo chenicheni chija.

"Mtundu uwu sindinauonepo. Ndinunkhize kaye."

"Chonde bwana, ndagwira mwendo wanu," ndinatero. "Ndi la ku chikwati. Mukatsegula mwapha banja la mwana wanga."

Chala sichinachoke. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, ndipo ndikhulupirira anaona nsonga ya Baibulo m'thumba. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu amene ndinkawaopa tsiku lonse.

"Bwana, awa ndi akulu a mpingo wathu. Zambiri sindikudziwa, koma kunama sanama. Ngati akuti ndi la ku chikwati, ndi la ku chikwati."

Wapolisi anabweza botolo m'katoni n'kundipatsa. Mayi Kalima anandipulumutsa ndi kundipachika pa mpweya umodzi. Titakweranso sanandifunse kanthu. Anangoyang'ana pawindo, manja atapinda, mpaka pamene ndinkatsika pa mphambano ya ku Mzimba. Apo m'pamene anati, "Muyende bwino ndi zosweka zanu, abambo."

Kagalimoto kotsiriza kopita ku boma kanatenga anthu ochuluka kuposa mipando, ndipo ine ndinakhala tako limodzi pa giya. A Lungu anandilandira ndi tiyi ndi malangizo. Anali munthu wamfupi, woseka msanga, wolankhula Chichewa chokoka ngati akuimba.

"Kumeneko imwe pakamwa mulibe, asibweni. Pakamwa panu ndine. Akafunsa, mundinong'oneze, ine ndinene. Mukayankha nokha, mbwenu mlandu."

Usiku kunagwa mvula, yoyamba yeniyeni chaka chimenecho. Ndinaimva ikumenya malata ndipo sindinaiyamike.

M'mawa tinakwera kapikapu kopita ku Edingeni, pamwamba pa matumba a feteleza. Munalinso malata, mbuzi yomanga miyendo, ndi mayi wina wonenepa wa dengu la tomato amene ankadziwa mudzi uliwonse ndi zochitika zake. Kondakitala anakweza mtengo akuti chifukwa cha matope, tinakangana pang'ono n'kulipira. A Lungu, poti pakamwa pawo sipatseka, tisanafike n'komwe pa Manyamula anali atauza galimoto yonse komwe tikupita ndi chimene tanyamula.

Mayi wa tomato uja anawomba m'manja.

"Kwa a Zgambo? Na botolo? Hii, ŵadada! Simunamve? Akulu awo a a Zgambo anafa ndi mowa wa m'botolo. Munthu anabwera nawo kuchokera ku Joni, botolo lokongola chomene, lotseka bwinobwino, koma m'kati munali za achinyengo. Anayamba kusaona, kutacha anapita. Chiyambire pamenepo, pakhomo paja mwambo wakale uja anaulimbitsa. Wobwera ndi mowa ndiye amayamba kumwa, onse akuona. Akapanda kumwa, anyamule abwerere nawo."

Mwambo umenewo kwathunso ulipo, timati kuchotsa chiwanda. Koma ine ndinkayesa kuti umagwira mowa wa mumtsuko, osati wa chidindo cha azungu. Ndinayang'ana a Lungu.

"Osadandaula," anatero, akundisisita bondo. "Ndilawa ndine. Ntchito yotere sindinaikanepo."

Mayi uja anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, koma galimoto inagwera m'dzenje, mbuzi inalira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kupitirira Manyamula tinafika pa kamtsinje kamene masiku onse anthu amangodutsa pamchenga. Tsiku limenelo kanali katadzaza madzi ofiira, othamanga, onyamula zinyalala za m'minda. Dalaivala anatsika, anaponyamo mwala, anakanda m'mutu. Anati tidikire aphwe. Tinadikira. Ena anayamba kusenda chinangwa, wina anagona pa feteleza chipewa kumaso. Ine ndinkangoyang'ana mthunzi wanga, umene unkafupika ndikuuona. Madzi atatsika pang'ono dalaivala analimba mtima, analowamo ndi liwiro, ndipo galimoto inakatitimira pakati penipeni, matayala akuzungulira pachabe.

"Apa mpaka ng'ombe zibwere zidzakoke," anatero kondakitala. "Mwina masana."

Masana ndiye anali mdani wanga. Ndinavula nsapato, ndinazimangirira m'khosi, ndinapinda buluku, chikwama pamutu. A Lungu ankati ndapota, dikirani, koma ine ndinali nditatsika kale. Madzi anandifika m'chiuno, ozizira, akundikankha ngati munthu. Ndinkapapasa pansi ndi zala za kumapazi. Nditatsala pang'ono kufika tsidya ndinaponda mwala woterera, ndinagwada, madzi anandimiza mpaka m'khosi. Manja onse awiri anali pa chikwama, ndipo sindinachotse ngakhale limodzi. Amene anandikoka ndi kolala ndi mayi wa tomato uja, amene anawoloka pambuyo panga dengu lili pamutu osagwira n'komwe.

Pamtunda ndinamasula chikwama. Katoni inali itanyowa mbali imodzi, koma botolo linali lamoyo, chidindo chili pamalo pake. Baibulo m'jekete ndiye linali litamwa madzi. Ndinaliyang'ana, ndinayang'ana botolo louma lija, ndipo ndinachita manyazi.

A Lungu nawo atawoloka, tinapeza njinga yamoto imodzi yokha. Tinakwerapo tonse awiri, a Lungu pakati, ine kumapeto kwenikweni, chikwama pachifuwa. Inkaterereka m'matope ngati mlamba. Pomwe msewu unathera tinayenda pansi, kudutsa m'minda yongobzala kumene, a Lungu akuwefuka pambuyo panga. Titaona khola la ng'ombe ndi nyumba za njerwa, mthunzi wanga unali pansi pa mapazi.

Amuna anali atakhala kale pafupi ndi chipata cha khola, pamipando yaifupi. Anatiloza mphasa. Ndinakhala, buluku likudontha, matope mpaka m'mawondo, tayi itapindika. Moni anayenda kudzera mwa a Lungu, kupita ndi kubwera, ngati kuti ine ndili ku Lilongwe. A Zgambo ndinawazindikira msanga. Anali aatali, owonda, maso ofiira m'mbali. Anangokweza mutu kuyang'ana dzuwa, n'kutsitsanso. Wolankhula anali mng'ono wawo, a Yotamu, munthu wa mawu akuthwa. Chapatali, pakhomo la khitchini, panaima mtsikana atanyamula beseni. Sanasunthe, ndipo ndinadziwa kuti ndi Temwa.

A Lungu anakwawa ndi mawondo n'kuika botolo pakati. A Yotamu analitenga, anayang'anitsitsa chidindo mbali zonse, anachionetsa kwa anzawo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ntchito yanga yatha, bulu wafikitsa katundu. Anabweretsa matambula a galasi, a Yotamu anadula chidindo ndi kampeni, anazula chotsekera, n'kuika mphuno.

Anabweza mutu ngati walumidwa ndi mavu.

"Ichi chikununkha munkhwala!"

Botolo linayenda m'manja. Aliyense ankanunkhiza n'kukwinya nkhope. Fungo lake linafika mpaka pamphasa pathu, ndipo kunena zoona linali la kuchipatala, losakanikirana ndi la nyumba yopsa. Wina anati ndi palafini. Wina anatchula dzina la malemu mkulu wawo uja, ndipo nkhope zonse zinauma. Ndinafuna kufuula kuti ndi mmene amaupangira, koma a Lungu ananditsina ntchafu. Ndinakumbukiranso kuti Yamikani anati za utsizo ndisanene.

A Yotamu anathira m'tambula n'kuiika pansi, patsogolo pathu. A Lungu anatambasula dzanja akumwetulira.

"Yayi," anatero a Yotamu. Kenaka anatembenukira ku Chichewa kuti ndimve bwino. "Thenga ndi miyendo na pakamwa basi. Thenga ndi munthu wa kuno, tikumudziwa. Amwe wa ku nyumba kwa mnyamata."

A Lungu anachonderera m'Chitumbuka nthawi yaitali. Ndinatolamo mawu oti mpingo, ndi oti chibadwire. A Yotamu anapukusa mutu.

"Ngati eni ake akuuopa, ife timwe bwanji? Ife tinaika kale munthu m'manda. Mbwenu tsekani botolo lanu, mudakali ndi dzuwa lobwererera."

Ng'ombe ina inkadzikanda pa mtengo wa khola. Ndinayang'ana tambula ija. Munali mowa wochepa, wosakwana n'komwe kumiza chala, koma kwa ine unali waukulu kuposa mtsinje uja. Ndinaganiza za anthu onse amene ndinawatumiza ku benchi ya kumbuyo, ndi mawu amene ndinkawauza, oti dontho ndi mtsuko n'chimodzimodzi. Kuno kunalibe Mayi Kalima, kunalibe wondidziwa, koma zimenezo sizinandithandize, poti ine ndinalipo. Ndinakweza maso. Temwa anali atatsitsa beseni, manja ali kukamwa. Ndipo ndinakumbukira mlongo wanga pa bedi la kuchipatala, akundigwira dzanja n'kunena kuti mwanayu ndakusiyira, usadzamusiye panjira.

Ndinatenga tambula.

Poti ndinali nditaganiza zochimwa, ndinati ndichimwe mwadongosolo, monga anandiphunzitsira mwana. Ndinanunkhiza kaye. Misozi inalengeza. Ndinapsontha pang'ono n'kusunga palilime. Poyamba unali moto wokhawokha, ndipo thupi lonse linkati lavula. Ndinalimba. Moto uja utazilala kunabwera utsi, wonga wa bulangeti logonera m'khitchini ya nkhuni, ndipo pansi pa utsiwo panali kutsekemera kwa uchi ndi kamchere pang'ono. Ndinameza. Kutentha kunatsika pachifuwa pang'onopang'ono, kukafika kumene mtsinje unandiziziritsa. Ndinaloza mtsuko wa madzi umene unali pambali, anandipatsa chikho, ndinaviika chala n'kudonthezamo. Fungo la kuchipatala lija linachepa, kunatuluka lina ngati la zipatso zouma. Ndinamaliza wonse n'kuika tambula pansi chozondotsa. Chimene chinandiopsa koposa n'chakuti sunali woipa.

Kenaka anandidikira kuti ndife. Amuna onse aja anangoti maso pa ine, ine maso pa khola. Makutu ankatentha, koma ng'ombe ndinkaziona bwinobwino. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani.

A Zgambo anatambasula dzanja, koyamba chifikire chathu. A Yotamu anazengereza, koma anawathirira. Mkuluyo sanamwe. Anaika mphuno pa tambula, anatsinzina, anachotsa, anabwezanso. Anakhala choncho mpaka ena anayamba kuyang'anana.

"Ili ni josi," anatero chapansipansi. Kenaka anapitiriza m'Chichewa cha ku Chikangawa, kumene anagwira ntchito ndi anthu a m'maboma onse. "Utsi uwu si wa paini. Paini akamapsa amanunkha utomoni. Si wa udzu. Ili ndi dambo, likamapsa pansi, lawi osaoneka. Chaka china dambo linapsa kumunsi kwa nsanja yanga mpaka mvula inabwera. Ndinkagona nalo, kudzuka nalo. Ndinkati sindidzalimvanso."

Anapsontha, anasunga m'kamwa nthawi yaitali, n'kumeza. Wina anabwera ndi botolo la zozizira kuti awathiriremo, iwo analikankha ndi kuseri kwa dzanja. Anaviika chala m'chikho changa chija n'kudontheza monga ndinachitira ine.

"Mnyamata ameneyu sanandionepo. Anamuuza ndani za ine?"

Mitu yonse inatembenukira kukhitchini. Pakhomo paja panali patatsala beseni lokha.

"Ndiye kuti mwana wanga akamalankhula, iye amamva," anatero a Zgambo.

Anapendeketsa tambula, madontho angapo anagwera pansi, akutchula dzina la mkulu wawo. Kenaka anachita chimene a Lungu anandiuza pambuyo pake kuti sichichitika. Anadumpha thenga n'kulankhula ndi ine mwachindunji.

"Asibweni, zimene ananena a Lungu za imwe ndinazimva. Ndaona chimene mwachita. Yewo chomene." Anatembenuka n'kuuza thenga kuti anene zimene tabwerera. "A Lungu, yowoyani ivyo mwizira."

Za ng'ombe ndi zina zimene tinakambirana si zanga kuulula pano. Zinatenga masana onse, ndipo a Yotamu, atamwa yawo, anapezeka kuti ndi munthu wodziwa kuseka. Anandithirira yachiwiri, ndinakana, ndipo palibe anandikakamiza. Pochoka Temwa anatiperekeza mpaka kumunda, atanyamula chikwama changa chopepuka. Anangogwada n'kunena kuti, "Yewo, amalume," akulira, ndipo nanenso ndinapukuta m'maso.

Ulendo wobwerera unalibe nkhani. Kunyumba ndinayanika Baibulo padzuwa tsamba ndi tsamba, ndipo mpaka lero ndi lotupa.

Lamulungu lotsatira Mayi Kalima anandipeza pakhomo la tchalitchi.

"Zosweka zija zinafika, abambo?"

"Zinafika, mayi."

"Zosatsegula?"

"Zinafika zosatsegula."

Anagwedeza mutu, anakhutira, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinali nditaphunzitsa anthu zaka zonsezi kuti dontho ndi mtsuko n'chimodzimodzi, ndiye sindikanasintha muyeso tsiku limene unafika pakhomo panga. Ndinapita ndekha kwa abusa. Anandimvetsera, anayesa kundipeputsira, koma ndinawakumbutsa kuti lamulolo ndinalilimbitsa ndine.

Pa benchi ya kumbuyo ndinapezapo a Fulaye, kalipentala amene ndinamutumizako ndekha mwezi wapitawo. Anandiyang'ana, anayang'ana kutsogolo kumene ndinkakhala, n'kusendera kundipatsa malo. Nyimbo ili m'kati anandinong'oneza.

"Unali wamtundu wanji, abambo?"

"Wa utsi."

"Wabwino?"

Ndinangokweza mawu pa nyimboyo, ndipo iwo anamvetsa.

Ndinali ndidakali pa benchi yomweyo tsiku limene mlembi anaimirira kutsogolo n'kulengeza kuti Yamikani, mwana wa mumpingo uno, akufuna kumanga banja ndi Temwa Zgambo wa ku Edingeni, ndipo ngati alipo wodziwa choletsa anene. Palibe ananena. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti kumbuyo kuja mawu safika bwino. Amafika ndithu, ndinamva dzina lililonse.